Mmene mungaonerere timu yanu yoluzaluza ndi kuwayeza a refa mwachilungamo

Timu yomwe ndimasapota ine simungaimve pa wailesi Loweruka masana. Siili mu Super League, ngakhale mu ligi ya Chipiku ya chigawo chapakati sitinafikemo, timangosewera konkuno ku Kasungu ndi anzathu a m'matauni ang'onoang'onowa, lero pa giraundi ya pulayimale mawa takwera lole ulendo wa ku Santhe kapena ku Chamama, ndipo ndisakubisireni sizoni ino tikuluza kwambiri. Anyamata ake ndi omwewa mumakumana nawo pa kabaza, ena amakhala ali m'zigafa nthawi ya fodya, ena akadali ku sekondale, palibe amalandira salale. Koma tikamabwerera mu lole madzulo nkhani imakhala imodzi yomweyo, refa watibera, refa wadya, refa uja ndi mlamu wa kochi wawo. Zimandiwawa chifukwa tikatero Lolemba ku treningi palibe chomwe timakonza, mlandu wonse tamusenzetsa kale munthu mmodzi yemwe wapita kwawo pa njinga.

Nde ine ndinayamba kuonera mpira ndi kope ndi cholembera. Ndinapeza kuti a refa amalakwitsadi, pena moonekeratu, koma zambiri zomwe timakuwira ife si zolakwa ayi, ena ndi malamulo oti anasintha kalekale ife osamva. Ndikuuzani mmene ndimapangira kuti nanunso mukamanena kuti uyu sanayimbe bwino muzikhala ndi pogwira.

Choyamba fikani msanga, mphindi 40 gemu isanayambe. Refa mumayamba kumudziwa wezulo isanalire. Wabwino akangotsika pa kabaza amazungulira bwalo, amagwedeza neti ngati ilipo kuona ngati ili ndi bowo m'mbali, amayang'ana mizere ngati ikuoneka, kaya ndi ya laimu kaya phulusa kaya angokanda ndi khasu, ndipo amayeza ndi mapazi malo omenyera penate. Malowa amayenera kukhala mamita 11 kuchokera pa mzere wa golo, bokosi lalikulu mamita 16.5, golo mulifupi mamita 7.32 ndipo kutalika 2.44. Magolo athu ambiri ndi a bulugama ndipo mtengo wapamwamba uja umawerama pakati ukakhalitsa, refa sangauwongole koma akauona n'kuwauza makaputeni onse awiri kuti tisewera chonchi, mlembereni kuti wayamba bwino. Onaninso ngati wayang'ana nsapato za osewera, mashini gadi (zotchingira miyendo zija), mphete ndi mikanda, komanso makadi a osewera ngati ligi yanu ili nawo, pajatu nkhani ya osewera a ganyu ndi yomwe imadzaphulika gemu itatha.

Kenako funsani funso ili: a mbendera ndi ndani? Ngati abwera atatu ovala yunifolomu, onse mukhoza kuwayeza ngati gulu limodzi. Koma nthawi zambiri kuno refa amabwera yekha, nde timu iliyonse imapereka munthu wake, wina wanyamula jezi yakale wina kanthambi ka mtengo. Zikatero refa wanzeru amawauziratu kuti inu muzingondisonyeza mpira ukatuluka basi, za ofusayidi ndisiyireni. Mukaona zimenezo tsitsani muyezo wanu pa ofusayidi, munthu mmodzi ali pakati pa bwalo sangaone mzere bwinobwino ngati yemwe ali m'mbali, adzaphonya ndithu ndipo sikuba kumeneko.

Poima pamafunika kusankha. Kuseri kwa golo kumakoma, kuli ng'oma, kuli amayi a zitumbuwa ndi mafilizi, koma kumeneko simungayeze refa, chilichonse chimaoneka penate. Ine ndimaima m'mbali mwa mzere, pakati pa senta ndi kona, mbali yoti dzuwa lili kumsana chifukwa la Okutobala kuno likamapendeka limalasa m'maso osaona kanthu, kuphatikiza fumbi. Ndipo ndimatalikirako pang'ono kwa anzanga okuwa aja, osati kudana nawo ayi, koma khutu likamva "hendi!" diso limayamba kukhulupirira zomwe silinaone.

Pa kope jambulani mizere iwiri kuti pakhale magawo atatu. Loyamba mphindi, tsegulani sitopuwotchi ya pafoni refa akangoimba. Lachiwiri chomwe mwaona inuyo ndi chomwe refa wagamula. Lachitatu, ndipo ili ndi lomwe anthu amaiwala, pomwe refa anaima. Mukapanda kuona bwino lembani kuti sindinaone, musachite manyazi, ine tsamba langa limakhala ndi "sindinaone" wambiri kuposa china chilichonse.

Za poima refa zija ndifotokoze. Refa wophunzira sathamanga chisawawa, amadula bwalo mopingasa kuchoka cha ku kona ina kupita cha ku kona ya tsidya, cholinga choti mpira uzikhala pakati pa iye ndi wa mbendera, awiriwo aziuona mbali ziwiri. Wa mbendera aliyense ali ndi theka lake la bwalo ndipo amayenera kuyenda mofanana ndi difenda womaliza uja, kapena ndi mpira ngati mpirawo wapitirira. Nde mukaona faulo yachitika m'bokosi refa ali mu senta seko manja m'chiuno, ngakhale agamule molondola lembani kuti anali kutali, wangochita mwayi. Mukaona wathamanga wafika pafupi, akuona kuchokera m'mbali osati kumbuyo kwa osewera, n'kugamula zomwe inu simukugwirizana nazo, kayikirani maso anu kaye chifukwa iyeyo anali pafupi kuposa inu. Refa wotopa amaonekera chigawo chachiwiri, makamaka mipira yobweza mwachangu ija, yang'anani kuti bokosi amalifika liti.

Mphindi 15 zoyambirira ndi zomwe zimakuuzani kuti gemu iyenda bwanji. Pamenepa musafunse kuti kodi faulo imeneyi ndi yoona, funsani kuti yofanana nayo mbali inayo waimba? Refa wina amalola kugundana, wina amaimba kalikonse, onsewo ndi bho bola muyezo ukhale umodzi kwa onse kuyambira mphindi yoyamba mpaka yomaliza. Chomwe chimaononga mpira ndi refa yemwe kukoka jezi kwa alendo waimba, kwa eni bwalo wayang'ana kumbali. Ikani timizere, faulo za ife uku za iwo uko, ndipo muzilembanso zomwe anyamata anu achita refa osaimba, apa mpomwe pamafunika mtima woona chifukwa dzanja limakana kulemba. Malamulo amasiyanitsa faulo patatu: yosasamala chabe ndi firikiki basi, yosalabadira kuti mnzako avulala ndi kadi yachikasu, yamphamvu mopyola muyezo yoika mnzako pa ngozi ndi yofiira. Mawu oti "koma wagunda mpira" sapulumutsa munthu ngati walowa ndi mapazi awiri zipolopolo za nsapato zili m'mwamba. Ndipo refa akatambasula manja kutsogolo osaimba sikuti sanaone, wapereka advanteji, dikirani muone ngati abwerere kudzapereka kadi mpira ukaima, akatero ameneyo ntchito akuidziwa.

Tsopano ofusayidi, yomwe yadanitsa midzi. Mfundo yake yaikulu ndi nthawi: chomwe chimawerengedwa ndi pomwe wosewera anali panthawi yomwe mnzake amamenya mpira, osati pomwe waulandirira. Ife maso athu amatsata mpira m'mwamba, ukamatera timapeza sitiraika ali yekhayekha kutsogolo nde timakuwa, chonsecho pomwe umamenyedwa anali kumbuyo kwa difenda, wangothamanga kuposa wathu. Njira yake ndi iyi, siyani kuyang'ana mpira, yang'anani mzere wa madifenda ndipo mpirawo muumve ndi khutu ukamagunda phazi. Yesani kwa mphindi khumi zokha muone kuvuta kwake, mudzayamba kuwalemekeza a mbendera. Mayi Bernadettar Kwimbira anafika mpaka ku World Cup ya amayi ku Canada mu 2015 ndi ku France mu 2019 ndi ntchito yomweyi ya mbendera, si ntchito yongopatsa aliyense amene wavala nsapato.

Zina zoti muzikumbukira pa ofusayidi: akakhala mzere umodzi ndi difenda si ofusayidi, manja sawerengedwa, ali m'theka la kwawo palibe mlandu, ndipo mpira wochokera ku golokiki, ku kona kapena woponya ndi manja ulibe ofusayidi ngakhale munthu ataima pafupi ndi goloboyi. Komanso lamulo silinena za goloboyi, limanena za adani awiri omaliza, nde goloboyi akatuluka n'kutsala difenda mmodzi pa mzere wa golo, difenda ameneyo yekha sakwanira kumuphimba sitiraika. Tsiku lina tinagoletsedwa chigoli chochokera ku mpira woponya, mnyamata wawo anaima kumbuyo kwa madifenda athu onse, anyamata athu anangokweza manja n'kuima, iye n'kulowa nawo mpaka mu neti. Anthu anathamangira m'bwalo, mkulu wina wa komiti yathu anavula chipewa n'kuchiponya pansi pamaso pa refa, gemu inaima pafupifupi mphindi khumi. Refayo, bambo wamfupi wa imvi pang'ono m'mbali, anangoima mpira uli m'khwapa akubwereza mawu amodzi, "akuluakulu, mpira woponya ulibe ofusayidi." Ananena zoona. Ine ndinalemba pa kope kuti chigoli chabwino, vuto ndi lathu, ndipo Lolemba ndinawaonetsa a kochi.

Hendi nayo si kuti mpira ukangokhudza dzanja basi. Refa amayang'ana ngati munthu wapititsa dzanja ku mpira dala, kapena watambasula mkono kudzikulitsa mosagwirizana ndi mmene thupi limayendera. Mpira womenyedwa pafupi n'kugunda mkono womwe uli pathupi si mlandu. Phewa si dzanja, malire ake ali pansi pa khwapa. Koma wogoletsa yekha ndiye alibe chowiringula, mpira ukamugunda dzanja ngakhale mwangozi iye n'kugoletsa nthawi yomweyo chigolicho chimakanidwa.

Malamulo a mpira alipo 17 ndipo amawasunga ndi a IFAB, bungwe loona za malamulo a mpira pa dziko lonse, amawakonza pafupifupi chaka chilichonse, buku lake lili pa intaneti laulere. Ena omwe ndaona akuyambitsa phokoso kuno ndi awa. Kuyambira 2016 poyamba gemu mpira ukhoza kumenyedwa chakumbuyo. Kuyambira 2019 golokiki siyeneranso kutuluka m'bokosi kuti difenda aigwire, goloboyi pa penate amangofunika phazi limodzi pa mzere, mpira ukagunda refa n'kupita kwa adani gemu imaima n'kuugwetsera timu yomwe inali nawo ena onse atatalikira mamita 4, ndipo a kochi ndi a pa benchi nawonso amaonetsedwa makadi. Mu 2025 anasintha za goloboyi wokakamira mpira m'manja, pano ndi masekondi 8, refa amawerenga asanu omaliza ndi zala dzanja lili m'mwamba, akapitirira adani amapatsidwa kona. Khoma la firikiki likadali mamita 9.15, werengani mapazi a refa mbali zonse ziwiri muone ngati akufanana.

Ndipo ija timati "ndi womaliza, yofiira!" siimayenda choncho. Difenda akachita faulo pa wosewera yemwe amati akagoletse, refa amayeza zinthu zinayi, kutalika kwake ndi golo, komwe wosewera amalowera, ngati mpira akanaugwiradi, ndi madifenda ena anali pati. M'bokosi ngati difenda amalimbirana mpira moona n'kulakwitsa, imakhala penate ndi yachikasu, yofiira imabwera akakoka, akakankha kapena ngati mpirawo analibe nawo ntchito.

Nthawi ndiye muziiyang'anira kwambiri chifukwa kuno imatayika mosaneneka. Mpira ndi umodzi, ukalowa m'munda wa chimanga ana akaufunefune, mbuzi zadutsa, chigoli chikalowa mudzi wonse uli m'bwalo kuvina mpaka refa awatulutse. Ine ndimalemba kuima kulikonse kopitirira theka la mphindi ndipo pamapeto ndimaphatikiza. Wosunga nthawi ndi refa yekha, koma ngati kope likuti zatayika mphindi 9 iye n'kuonjezera imodzi pomwe eni bwalo akutsogola, chimenecho ndi chinthu chogwirika choti mukhoza kuchinena. Onaninso mbali inayo, ngati ife tikutsogola ndipo goloboyi wathu wagona pansi kachitatu, musadabwe akaonjezera zambiri.

Pali china chomwe sichilembedwa m'buku koma kwa ine ndi chachikulu kuposa zonse, kulimba mtima. Ku Kasungu Stadium kuli mpanda, nthawi ija TN Stars inkasewera Super League apolisi ankakhalapo. Ku magiraundi athu kulibe mpanda, anthu amaima pa mzere penipeni ena ataledzera kuyambira m'mawa, ndipo refa akudziwa kuti gemu ikatha adutsa pakati pa anthu omwewa kukatenga njinga yake. Nde penate yopatsa alendo mphindi ya 88 si nkhani yamasewera. Yang'anani ngati zigamulo zake zikusintha phokoso likakula, ngati akuyamba kubwezera, kupereka kafaulo kabodza uku pofuna kuziziritsa mitima chifukwa cha penate yomwe wapereka uko. Kusintha chigamulo palokha si kulakwa, malamulo amamulola bola mpira usanayambirenso, makamaka akauzidwa ndi wa mbendera. Koma kusintha chifukwa anthu khumi amuzungulira ndi nkhani ina, lembani. Mukukumbuka gemu ya Flames ndi Senegal ku Bafoussam mu Januwale 2022, refa anatipatsa penate kenako atakaonanso pa kanema wa VAR anaibweza, gemu n'kutha 0-0, mpaka lero anthu amatsutsanabe chonsecho panali makamera mbali zonse. Wathuyu amaona kamodzi kokha, m'fumbi, akuthamanga.

Tsamba lachiwiri la kope likhale la timu yanu, ndipo limeneli ndi lomwe limathandiza. Lembani mphindi ya chigoli chilichonse chomwe mwagoletsedwa ndi komwe chachokera. Ife titaphatikiza magemu angapo zinaoneka poyera kuti zambiri zikulowa chakumapeto, ndipo zina zikuchokera ku makona chifukwa aliyense amayang'ana mpira palibe wogwira munthu. Chakumapeto kuja si refa ayi, ndi njala ndi kutopa, anyamata anyamuka m'mawa atangomwa tiyi, aima mu lole maola awiri pa msewu wafumbi, afika mochedwa n'kulowa m'bwalo osatenthetsa thupi. Sankhaninso wosewera mmodzi muzimutsata kwa mphindi khumi ngakhale mpira uli kutali, muone ngati amabwerera timu ikataya mpira, ngati amalankhula ndi anzake. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Mu timu yoti ikuluza 3-0 mumapezeka mwana wa zaka 17 yemwe akuthamangirabe mpira uliwonse, ndipo mukamuitana gemu itatha n'kumuuza kuti iwe ndakuona, mphindi ya 80 unabwerera mpaka ku kona kudzatchinga, nkhope yake imasintha. Ine chimene chimandibweretsa sabata ndi sabata ndi chimenecho.

Gemu ikatha musapereke malikisi nthawi yomweyo, mtima ukadali m'mwamba. Gonani kaye. M'mawa tsegulani kope mudzifunse zitatu: zigamulo zikuluzikulu, kunena penate, kadi yofiira ndi zigoli, analondola zingati mwa zomwe ndinaziona bwino? Muyezo wake unali umodzi mbali zonse? Anateteza osewera kuti asavulazane? Ine ndimapereka pa 10, ndipo refa yemwe waphonya ofusayidi ziwiri ali yekha koma gemu yatha mwamtendere popanda wovulala amapeza 7 kwa ine, pomwe yemwe walekerera kupondana mpaka mwana wa eni wathyoka mwendo sangapitirire 4 ngakhale ife titawina.

Ngati mwapezadi cholakwa chachikulu, njira yake ndi kalata. Apatseni a sekilitale a timu zomwe mwalemba, iwo alembere komiti yoyendetsa ligi yanu mwachangu chifukwa madandaulo amakhala ndi nthawi yake, funsiranitu malamulo a mpikisano wanu sizoni isanayambe. M'kalatamo mukhale mphindi, chomwe chinachitika ndi lamulo lomwe laphwanyidwa, basi. Mawu oti wadya musawalembe ngati simunaone ndalama ikuperekedwa, ndipo chonde musaike dzina ndi chithunzi cha munthu pa Facebook kapena m'magulupu a WhatsApp n'kumutcha wakuba, ameneyo mwina ndi mphunzitsi wa ana anu omwe, ali ndi banja, ndipo kandalama komwe walandira pena kamangokwanira kabaza wobwerera. Marefa akayamba kukana kubwera ku giraundi yanu mudzatsala ndi woimbira wotoledwa m'gulu la anthu, pamenepo mpomwe mudzaone kuberedwa kwenikweni.

Chomaliza chomwe ndimachita wezulo yomaliza ikalira, ndimapita ndi akuluakulu awiri a komiti kukaima pafupi ndi a refa mpaka anthu atabalalika, timawapatsa madzi, ndipo akapuma ndimafunsa funso limodzi lokha mwaulemu. Sabata yatha ndinati, "A refa, pepani, ija ya mphindi 63 m'bokosi munaiona bwanji, ife kunja timaona ngati wathu wakokedwa." Anamwa madzi kaye, n'kunena kuti, "Achimwene, ndinatchingidwa ndi nambala 5 wanu, sindinaione, ndikanaimba ndikanangopeka." Ndinatsegula kope pa gawo lachitatu lija ndipo ndinali nditalemba ndekha kuti refa ali kumbuyo kwa osewera awiri. Tinawaperekeza mpaka pa msewu, anakwera kabaza wa ku boma dzuwa litalowa kale.